Kodi mabwana a banki akakhala ophunzira kwambiri, phindu limene amalengeza n'lodalirika?

Funso: Ndine msungichuma wa gulu la maliro la Amalawi okhala ku Turffontein ndi Rosettenville. Thumba lathu lakula pang'ono, ndipo mamembala ena akufuna kuti gawo lina tigulire masheya a banki pa JSE, msika wa masheya wa ku Johannesburg. Mlembi wathu akuti tisankhe banki imene mabwana ake ali ndi mapepala olemera a zowerengera chuma, chifukwa anthu otere salemba phindu labodza. Bambo wina akuti ayi, odziwa kwambiriwo ndi amene amadziwanso kubisa. Tatsutsana mpaka msonkhano kutha osagwirizana. Akunena zoona ndani?

Yankho: Mayi, mkangano wa m'gulu mwanuwo ulinso pakati pa akatswiri a zowerengera chuma, ndiye musaone ngati munataya nthawi. Maganizo anga ndi awa: mapepala a bwana amakuuzani zimene munthuyo angathe kuchita ndi manambala, koma sakuuzani zimene adzasankhe kuchita nawo. Ndikatsegula lipoti la pachaka la banki, chimene ndimafuna kudziwa n'chakuti ukatswiriwo wakhala pampando uti. Ukakhala mwa okhawo amene amalemba phindu n'kulandirapo bonasi, ndimada nkhawa. Ukakhalanso mwa anthu amene analembedwa ntchito yokana, mtima umakhala m'malo.

Anthu ambiri amaganiza kuti phindu ndi ndalama zimene zatsala m'bokosi chaka chikatha. Kubanki si choncho. Katundu wa banki ndi ngongole, ndipo mtengo weniweni wa ngongole umadziwika m'tsogolo, wobwereka akabweza kapena akalephera. Ngati munakhalapo mu banki m'khonde kwathu kuja, mukuidziwa nkhaniyi. Yafika December, nthawi yogawana, koma pali mayi wina amene sanabweze miyezi itatu. Msungichuma akati "abweza amenewo, amuna awo ali ku Joni, atumiza," phindu la aliyense likuoneka lonona. Akati "zimenezo zapita," aliyense alandira zochepa. Palibe amene wanama pamenepo, onse akungolosera. Banki imachita kulosera komweko pa ngongole mamiliyoni, ndipo ndalama imene yalosera kuti itayika imaipatula n'kuichotsa pa phindu la chaka. M'malipoti mudzaiona yalembedwa kuti impairment kapena provision. Apa ndi pamene dzanja la bwana limafika mosavuta, ndipo kusuntha phindu mwadala pogwiritsa ntchito ufulu wolosera umenewu ndi zimene m'mabuku amati earnings management.

Mpaka kumapeto kwa 2017 mabanki ankatsata lamulo la IAS 39, limene linkati banki idikire umboni woti ngongole yayamba kuwonongeka isanapatule kanthu. Mavuto a zachuma a 2008 atagwa, aliyense anadandaula kuti mabanki ankapatula zochepa komanso mochedwa. Kuyambira pa 1 January 2018 kunabwera IFRS 9, imene ikugwira ntchito kuno ku South Africa ndi ku Malawi komwe. Pansi pa lamuloli ngongole iliyonse imayamba kupatuliridwa ndalama tsiku lomwe yaperekedwa. Ikakhala ikuyenda bwino ili pa stage 1, ndipo banki imangowerengera zimene zingatayike chifukwa cha kulephera kwa m'miyezi 12 ikubwerayo. Chiopsezo chikakwera kwambiri, kawirikawiri munthu akachedwa masiku oposa 30, ngongoleyo imapita pa stage 2 ndipo banki imawerengera zimene zingatayike pa moyo wonse wa ngongoleyo. Akapitirira masiku 90 osalipira, nthawi zambiri yafika pa stage 3. Pamwamba pa izi banki iyenera kulosera za chuma cha dziko: chiwongoladzanja cha Reserve Bank (banki yaikulu ya dziko), ulova, mitengo ya nyumba. Imakonza zithunzi zingapo za m'tsogolo, chabwino, chapakati ndi choipa, n'kusankha kuti chilichonse chilemere bwanji. Kompyuta ikatulutsa nambala, mabwana amaloledwa kuwonjezera kapena kuchotsa ngati akuona kuti pali zimene makinawo sanaone. Zimenezi amazitcha overlay.

Lamulo latsopanoli ndi labwino kuposa lakale, koma lawonjezera malo amene munthu amasankha ndi mutu wake. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Banki yabwereketsa R200 biliyoni. Ikati 4 peresenti ya ndalamazo idzatayika, ipatula R8 biliyoni. Ikati 3.8 peresenti, ipatula R7.6 biliyoni. Kusiyana kwake ndi R400 miliyoni, ndipo msonkho wa makampani wa 27 peresenti ukachoka, zotsala ndi R292 miliyoni. Ngati phindu la chaka linali R4 biliyoni, lakwera ndi 7 peresenti popanda kasitomala ndi mmodzi yemwe watsopano. Nanga ndani angaimike chala kuti 3.8 ndi bodza pamene 4 ndi zoona? Kuti nambalayo itsike, sipafunika kulemba chabodza chilichonse. Mungochepetsa kulemera kwa chithunzi choipa chija, kapena kusintha pang'ono malire amene ngongole imadumphira pa stage 2. Munthu wosadziwa ntchitoyi sangathe kuchita zimenezi osagwidwa. Wodziwa amadziwa malo oti agwire, amadziwa mafunso amene oditala (wofufuza mabuku a ndalama wochokera kunja kwa banki) adzafunse, ndipo amakhala atakonzeratu mayankho. Apa bambo a m'gulu mwanuwo ali ndi mfundo.

Komanso musaganize kuti kusuntha phindu n'kulikweza basi. Kawirikawiri cholinga chimakhala kulisalaza. Chaka chikakhala chabwino kwambiri, bwana amapatula zochuluka kuposa zofunika, n'kuzisunga. Chaka chovuta chikafika amazimasula, phindu n'kumaoneka ngati likukwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka, chinthu chimene ogula masheya amachikonda kwambiri. Ku America, bungwe lalikulu la ngongole za nyumba la Freddie Mac linapezeka mu 2003 kuti linachepetsa phindu la zaka za 2000 mpaka 2002 ndi ndalama pafupifupi madola 5 biliyoni pofuna kuti lizioneka losadumphadumpha. Palinso khalidwe la bwana watsopano amene chaka chake choyamba amapatula ndalama zambirimbiri, n'kuloza chala amene anachoka, kuti zaka zotsatira iye aoneke ngati wokonza zinthu. Ndipo pali njira zina zosakhudza kulosera: kugulitsa mabondi (zikalata za ngongole za boma kapena makampani) amene akwera mtengo chaka chisanathe, kapena kupatsa wolephera kubweza ngongole yatsopano kuti alipire yakale, buku n'kumaonetsa kuti akuyenda bwino. Mu 2005 akatswiri atatu, Graham, Harvey ndi Rajgopal, anasindikiza kafukufuku amene anafunsa akuluakulu a zachuma a makampani pafupifupi 400 ku America, ndipo 78 pa 100 alionse anavomera kuti angalole kampani kutaya phindu lenileni la m'tsogolo bola manambala aoneke osalala. Amenewo anali anthu ophunzira onse.

Koma mlembi wanu nayenso sanangolota. Kafukufuku wa Demerjian ndi anzake wa 2013 anapeza kuti makampani oyendetsedwa ndi mabwana aluso sakakamizika kawirikawiri kukonzanso malipoti amene anatulutsa kale, ndipo amalosera bwino za ngongole zosabwezedwa. Izi n'zomveka: manambala ambiri olakwika sachokera kukuba, amachokera kukusadziwa. Bwana amene samvetsa buku lake la ngongole amalakwitsa ndi mtima woyera, koma osunga ndalama amavutika chimodzimodzi. Kafukufuku wina wa Minton, Taillard ndi Williamson wa 2014 anayang'ana mabanki a ku America ndipo anapeza zodabwitsa: mabanki amene mabodi awo anali ndi akatswiri a zachuma ambiri ndi amene analowa m'malonda oika ndalama pachiswe mavuto a 2008 asanafike, ndipo anavutika kwambiri mavutowo atagwa. Kudziwa kumabweretsa kulimba mtima, ndipo kulimba mtima kukapitirira, munthu amayamba kukhulupirira kulosera kwake komwe.

Sitifunika kupita kutali, zitsanzo zili pakhomo pomwe pano. African Bank, imene likulu lake lili ku Midrand, inali banki yaikulu yobwereketsa anthu wamba popanda chikole. Mu August 2014 mkulu wake Leon Kirkinis anatula pansi udindo, masheya anagwa mochititsa mantha m'masiku ochepa, ndipo pa 10 August Reserve Bank inailanda n'kuika woiyang'anira. Reserve Bank inalengeza kuti igula ngongole zoipa za R17 biliyoni pamtengo wa R7 biliyoni, ndipo mabanki ena pamodzi ndi PIC, bungwe losamalira ndalama za penshoni za ogwira ntchito m'boma, anavomera kuikamo R10 biliyoni kuti mbali yabwino ya bankiyo ipulumuke. Lipoti la Advocate John Myburgh, limene linatuluka mu 2016, silinapeze kuti panali cholinga chobera osunga ndalama. Linapeza kuti bankiyo inayendetsedwa mosasamala, ndipo pamtima pa nkhani yonse panali ndalama zopatula zija. Bankiyo inkadikira kuti munthu aphonye kulipira kangapo isanayambe kuona ngongole yake ngati yowonongeka, pamene mabanki ena ankayamba msanga. Zotsatira zake phindu linkaoneka lalikulu kwa zaka, kenako zotayika zinabwera nthawi imodzi. Kodi pamwamba panalibe odziwa manambala? Analipo. Koma lipotilo linanena kuti mkuluyo anali ndi mphamvu zopitirira pa bodi, ndiponso kuti munthu amene anali pampando woyang'anira chiopsezo analibe ukatswiri woyenera udindowo. Ndiye onani: mbali yofuna phindu inali ndi luso ndi mawu, mbali yokana inali yofooka. Amene anali ndi masheya anataya pafupifupi zonse.

VBS Mutual Bank ya ku Limpopo ndi nkhani ina, ndipo inu a gulu la maliro muyenera kuidziwa bwino chifukwa ambiri amene anasunga ndalama kumeneko anali magulu a maliro ndi ma stokvel, magulu osonkherana ndalama. Inalandidwa mu March 2018. Lipoti la Advocate Terry Motau la October chaka chomwecho linapeza kuti ndalama pafupifupi R2 biliyoni zinabedwa, ndipo malipoti a zachuma a chaka cha 2017 ankaonetsa ndalama zimene kunalibe, ngakhale kuti oditala wa ku kampani ya odit ya KPMG anawasainira. Wapampando wa bodi Tshifhiwa Matodzi ndi mkulu wa zachuma Phillip Truter onse anali ma chartered accountant, mapepala olemera amene mlembi wanu akunenawo. Truter anavomera milandu mu 2020, Matodzi anavomera mu 2024 n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 15. Izi sizinalinso kusuntha phindu mkati mwa lamulo, kunali kuba kwenikweni, ndipo sindikufuna kuti musokoneze ziwirizi. Ndazitchula chifukwa zikuyankha mlembi wanu mwachindunji. Agogo a ku Thohoyandou, tawuni ya ku Limpopo, anagona pamzere kudikira ndalama zawo pamene mabuku ankasungidwa ndi anthu a mapepala apamwamba kwambiri m'dziko muno.

Mbali inayi nayo tisaikokomeze. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utafika, mabanki akuluakulu a kuno anapatula ndalama zochuluka kwambiri, zambiri kudzera mu overlay, ndipo phindu la Standard Bank, Absa ndi Nedbank linagwa ndi pafupifupi theka. Mu 2021 zinthu zitayamba kuwongokera anamasula zina mwa ndalamazo ndipo phindu linakwera. Munthu wokayikira chilichonse anganene kuti ndi kusalaza kuja. Ine sindikuona choncho. Panthawiyo panalibe amene ankadziwa kuti mashopu adzatsekulidwa liti, makompyuta analibe mbiri ya chaka chonga chimenecho, ndipo ndi pamene pankafunika mutu wa munthu wodziwa ntchito. Ufulu womwewo umene wachinyengo amabisalamo ndi umene katswiri woona mtima amanenera zoona. Simungachotse umodzi n'kusiya winawo.

Malamulo a kuno amayesa kuika ukatswiri mbali zonse ziwiri. Munthu asanakhale dairekitala kapena mkulu wa banki, dzina lake limapita ku Prudential Authority, nthambi ya Reserve Bank imene inayamba ntchito mu April 2018, ndipo ikhoza kumukana. JSE imafuna kuti komiti ya odit itsimikize chaka chilichonse kuti mkulu wa zachuma ali ndi luso loyenera, ndipo masiku ano mkulu wa kampani ndi mkulu wa zachuma amasainira ndi mayina awo kuti malipoti ndi oona. Mabanki akuluakulu amawerengedwa ndi makampani awiri a odit nthawi imodzi. Zonsezi n'zabwino, koma VBS inagwa malamulo ambiri alipo kale, ndiye maso anu akufunikabe.

Ndiye mukatenga lipoti la banki imene mukuiganizira (onse amaika pa intaneti, ndipo kabuku ka zotsatira za chaka ndi kosavuta kuposa lipoti lalikulu), musathere nthawi pa zithunzi za mabwana. Pezani kaye anthu atatu: wapampando wa komiti ya odit, wapampando wa komiti ya chiopsezo, ndi mkulu woyang'anira chiopsezo. Kodi anagwirapo ntchito ya ngongole kubanki, kapena ndi anthu otchuka chabe? Akhala pampando zaka zingati limodzi ndi mkulu yemweyo? Munthu amene wadya nsima ndi bwana zaka 12 zimamuvuta kumuuza kuti nambala yake ndi yolakwika. Akuluakulu a zachuma kapena a chiopsezo akamachoka motsatizana popanda chifukwa chomveka, chenjerani, ngakhale phindu likuoneka bwino.

Kenako yang'anani manambala awiri kwa zaka zisanu. Yoyamba ndi credit loss ratio, ndalama zopatulidwa m'chakacho poyerekeza ndi ngongole zonse. Mabanki akuluakulu amalengeza okha malire amene amayembekeza, ndipo ambiri amazungulira 1 peresenti kapena kutsikirapo. Obwereketsa popanda chikole amakhala pamwamba kwambiri, ndipo zimenezo pazokha si vuto. Yachiwiri ndi coverage, ndalama zonse zopatulidwa poyerekeza ndi ngongole za pa stage iliyonse. Chimene mukufuna ndi kuona ngati manambalawa akuyenda limodzi ndi moyo umene mukuuona. Pakati pa 2021 ndi 2023 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 3.5 kufika pa 8.25 peresenti, ndipo aliyense wa ngongole ya galimoto kapena nyumba anamva kuwawa. Banki imene m'nyengo yotere ngongole zake za stage 3 zikukwera koma coverage ikutsika, phindu n'kumakwerabe bwinobwino, iyenera kufotokoza. Nthawi zina kufotokoza kumakhalapo, monga kuti ngongole zatsopanozo zili ndi chikole cholimba. Kukasowa, kapena kukakhala kwa mawu ozungulira, ine ndimachoka. Yerekezaninso ndi mabanki anzake obwereketsa anthu a mtundu womwewo. Vuto la African Bank likanaoneka msanga kwa amene akanafunsa chifukwa chimene inkawerengera mosiyana ndi anzake.

Pali masamba ena awiri amene anthu amawalumpha. Mu lipoti la oditala muli gawo la key audit matters, mmene amatchula zinthu zimene zinawavuta kwambiri, ndipo kubanki kulosera za ngongole kumakhalapo pafupifupi nthawi zonse. Werengani zimene anena za overlay. Tsamba lina ndi la malipiro a mabwana. Ngati bonasi yaikulu yamangidwa pa phindu la chaka chimodzi, ndipo chaka ndi chaka banki ikungodutsa malire a bonasiyo ndi kachidutswa, si mwayi umenewo. Ndimakhulupirira kwambiri banki imene imasunga gawo la bonasi kwa zaka zitatu kapena kuposa, ndipo ili ndi mphamvu yolanda ndalamazo manambala akadzapezeka olakwika. Bwana waluso amene akudziwa kuti ngongole zoipa zidzamupeza akadali ndi ndalama zake m'manja mwa banki, luso lakelo amaligwiritsa ntchito polosera molondola.

Ena mwa inu mwina akuganizanso za masheya a mabanki a kwathu pa Malawi Stock Exchange, monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH. Mafunso ndi omwewo, koma onjezani limodzi: phindu lochuluka bwanji likuchokera kukubwereketsa boma ndi kukusintha kwa mtengo wa kwacha, monga pamene inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023? Phindu la m'makwacha likhoza kukwera kwambiri pamene mukalisintha kukhala ma rand lachepa.

Chomaliza chikukhudza inu monga msungichuma. Ndalama ya maliro imafunika mwadzidzidzi, ndipo kunyamula thupi kuchoka ku Johannesburg mpaka ku Mangochi kapena ku Mzimba sikudikira kuti masheya akwere. Kuyambira April 2024 kuli bungwe la CODI limene limateteza ndalama zosungidwa kubanki mpaka R100,000 pa wosunga aliyense pa banki iliyonse, ndiye pitani kubanki yanu mukafunse kuti akaunti ya gulu amaiwerengera bwanji pa chitetezo chimenechi. Masheya alibe chitetezo chotere ngakhale pang'ono, ndipo banki ikagwa eni masheya ndi amene amakhala kumapeto kwa mzere. Werengani kaye maliro amene gulu lanu lingathe kukumana nawo m'chaka choipitsitsa, ndalama imeneyo ikhale pamalo oti mukhoza kuitapa tsiku lomwelo. Zotsalazo ndi zimene mungakambirane za masheya, ndipo musaziike pa banki imodzi. Onaninso ngati malamulo a gulu lanu amalola kugula masheya, ndipo chigamulocho chilembedwe m'maminitsi ndi kusainidwa ndi komiti yonse.